Kabowo Kamene Anatichotsera pa Foni

Mwezi wathawu ndinachita manyazi pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Chilomoni. Pelekanipelekani ali mkati, laputopu ya DJ inangozima osadzukanso. Azimayi a kuchikazi anali ataima kale pamzere, ndalama zili m'manja, ndipo MC anayamba kukuwa kuti aliyense amene ali ndi nyimbo pa foni abwere kutsogolo msanga. Ndinathamanga ine, podziwa kuti m'holo monsemo foni yapamwamba inali yanga. Ndinaigula nditadzimana miyezi inayi. DJ anailandira, chingwe chili kudzanja linalo, n'kuitembenuza pansi, pamwamba, m'mbali. Kenako anandiyang'ana.

"Akulu, ndilowetse pati?"

Panalibe polowetsa, ndipo zida zake zinali zakalekale, zosadziwa za Bluetooth. Anapulumutsa mwambowo ndi mnyamata wa Fomu 2, ndi kafoni kake kosweka galasi, komangidwa ndi mphira. Azakhali anga anaseka mpaka misozi. "Ndiye foni ya ndalama zonse zija, mwanawe, n'kukanika kuimba?"

Nanenso ndinaseka. Koma chichokereni kumeneko kabowo kameneka sikakuchoka m'mutu mwanga, ndipo ndaona kuti nkhani yake ndi yaikulu kuposa manyazi a Loweruka limodzi.

Kabowo ka mahedifoni kamene tonse tinakulira nako ndi ka mamilimita 3.5. Kholo lake ndi bowo lalikulupo, la mamilimita 6.35, limene linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1870, nthawi imene munthu ankakhala pa mpando n'kumalumikiza mafoni a anthu ndi manja, kuzula chingwe apa n'kuchilowetsa apo. Oimba gitala akuligwiritsabe ntchito mpaka lero. Kakang'onoka kanabwera ndi mawailesi a m'manja, ndipo kanafalikira dziko lonse Sony itatulutsa Walkman mu 1979. Kuyambira pamenepo mahedifoni ogulidwa pa msika wa Limbe ankalowa mu wailesi ya ku Japan, mu kompyuta ya ku America, mu foni ya ku China, osafunsa kuti wapanga ndani. Ndi zinthu zochepa kwambiri zamagetsi zimene dziko lonse linagwirizana chonchi. Ngakhale mapulagi a pakhoma sitinagwirizane: amene anabwerapo ndi ketulo kuchokera ku Johannesburg akudziwa.

Pa 7 September 2016, ku San Francisco, kampani ya Apple inaonetsa iPhone 7 yopanda kabowoka. Sinali yoyamba, chifukwa LeEco ndi Motorola anali atatulutsa kale mafoni otero chaka chomwecho, koma Apple ikatsokomola makampani ena onse amagwidwa chimfine. Mkulu wina wa kampaniyi, Phil Schiller, anaima pa nsanja n'kunena kuti chifukwa chake chikukwana m'liwu limodzi. Liwulo linali "courage", ndiye kuti kulimba mtima. Anthu anamuseka kwambiri pa intaneti. Google inatulutsa Pixel yoyamba mwezi wotsatira, n'kunyadira m'malonda ake kuti yawoyo kabowo kalipo. Chaka chotsatira, mu 2017, Pixel 2 inabwera yopanda. Samsung inapanga timafilimu tonyogodola Apple, kenako mu 2019 inatulutsa Galaxy Note 10 yopanda kabowo n'kuchotsa mwakachetechete timafilimu tija. Ngakhale Fairphone ya ku Netherlands, imene imadzitama kuti imapanga mafoni okhalitsa ndi osavuta kukonza, inakachotsa mu 2021.

Zifukwa zimene ankapereka si zabodza, ndipo sindikufuna kunamizira munthu. M'kati mwa foni malo ndi ochepa zedi, ndipo kabowoka kamadya malo amene batire kapena kamera ikanatenga. Bowo lililonse ndi khomo la madzi ndi fumbi. Koma Galaxy S7, imene inatuluka miyezi ingapo iPhone 7 isanabwere, inali ndi kabowoka ndipo inkapirira madzi bwinobwino. Choncho sikuti zinali zosatheka. Anasankha. Ndipo pa nsanja yomweyo, tsiku lomwelo, anaonetsanso AirPods, mahedifoni opanda chingwe a madola 159. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2014, Apple inali itagula kampani ya mahedifoni ya Beats pa mtengo wa madola 3 biliyoni. Munthu akakugwetsera mlatho m'mawa, masana n'kumupeza pa doko akulipiritsa bwato, uli ndi ufulu womuyang'ana kawiri.

Liwu lija la kulimba mtima ndilo landivuta kwambiri. Ku koleji ku Zomba tinaphunzirako za Aristotle, amene ankati kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kusasamala, ndipo kumaoneka pamene munthu waima pamaso pa choopsa chimene chingamugwere iye mwini. Kwathu kuno timadziwanso chimodzimodzi popanda Aristotle. Wolimba mtima ndi amene walowa mu mtsinje wosefukira kukavuula mwana. Woima pamtunda n'kumauza anzake kuti "lowani, madziwa ndi abwino" timamutcha dzina lina. Ndiye funso langa n'lakuti, pa nkhani ya kabowoka, analowa m'madzi ndani?

Mwina wina anganene kuti Apple inaika dzina lake pachiswe, anthu akanatha kukana kugula. N'zoona, ndipo mbiri yawo ikuwaikira kumbuyo pang'ono. Mu 1998 anatulutsa iMac yopanda polowetsera floppy disk, anthu anadandaula, koma lero palibe amene amailira. Zakale zina zimayenera kufa ndithu. Komabe floppy inafa chifukwa inkalephera ntchito yake: inkasunga zinthu zochepa, inkachedwa, inkawonongeka msanga. Kabowo ka mahedifoni kankalephera chiyani? Mawu ankamveka bwino, osachedwa, osafuna kutchaja. Apple yomweyo ikukaikabe pa ma MacBook ake, ndipo Sony ikukaikabe pa mafoni ake odula a Xperia. Chinthu chimene mwini wake akuchisungabe m'chipinda china sangatiuze kuti chinatha ntchito.

Kuti tione amene analipira, tiyenera kudziwa zimene zimachitika m'katimo. Nyimbo mu foni imakhala ngati manambala. Pali kachipangizo kamene kamasandutsa manambalawo kukhala mphamvu ya magetsi yonjenjemeretsa kasipika ka m'khutu. Pa foni yokhala ndi kabowo, kachipangizoka kali m'foni momwemo, ndipo mahedifoni amangokhala waya ndi maginito basi. N'chifukwa chake ndi otchipa, ndipo akaduka, mnyamata wa pa msika amawalumikiza mukudikira. Kabowo kakachoka, ntchito yonseyo imasamukira kunja: mu ka adaputa kamene kamasowa sabata iliyonse, kapena m'mahedifoni enieniwo, amene tsopano ayenera kukhala ndi batire lawolawo ndi kawailesi ka Bluetooth. Batire lililonse limakalamba. Pakatha zaka zochepa limayamba kutha msanga, ndipo m'mahedifoni ambiri otere linamatidwa ndi guluu moti kulisintha n'kuwaphwanya. A iFixit, amene amamasula zipangizo kuti aone ngati zingakonzedwe, anapatsa AirPods 0 pa 10. Chinthu chimene chinkakhala mpaka mwini wake atachiponda, tsopano chili ndi tsiku lofera ngati mkaka. Ndipo chikafa chimapita kudzala pamodzi ndi batire lake.

Ka adaputa kaja poyamba kankabwera m'bokosi mwaulere. Mu 2018 Apple inasiya kukaikamo. Kenako mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo loti mafoni onse azitchajidwa ndi USB-C, iPhone 15 ya mu 2023 inasiya Lightning, ndipo aliyense amene anamvera mu 2016 n'kugula mahedifoni a Lightning anapezeka kuti agulenso. Pa zaka zisanu ndi ziwiri, polowetsera pasintha kawiri. Mahedifoni a Walkman ya mu 1979 akadalowabe mu laputopu yanga.

Pali chinanso chimene ndikuona kuti n'chachikulu kuposa ndalama. Kabowo kaja kanalibe mwini. Aliyense ankatha kupanga chinthu cholowa mmenemo osapempha chilolezo kwa munthu. Kampani ya Square ku America inayamba ndi kachipangizo kowerengera makhadi a banki kolowera pa kabowo komweka. Ena anapanga maikolofoni, ena ndodo zojambulira selfie. Lightning inali ya Apple yokha, ndipo wofuna kupanga cholowamo movomerezeka ankayenera kudutsa kwa iwo. Kunali ngati mjigo wa m'mudzi umene aliyense amatungapo, wina n'kubwera kudzauzula, kuika mpopi wokongola wokhala ndi loko, n'kuitana anthu kuti aombe m'manja poti chitukuko chafika. Madzi a pa mpopiwo akhoza kukhala abwinodi. Koma kiyi ali m'thumba la munthu mmodzi.

Mnzanga wina amene ndimakangana naye nkhani zoterezi anandiyankha mwachidule: "Aise, anakukakamiza ndani? Ukanagula ina." Yankho limeneli ndi lamphamvu ndipo landisowetsa tulo. Palibe amene anandilanda chinthu. Kampani ili ndi ufulu wopanga katundu wake mmene ikufunira, ine ndili ndi ufulu wokana. Kodi munthu angakulakwire pongosiya kukugulitsa chinthu?

Ndikuganiza kuti angathe, pamene iye ndi anzake ochepa ndiwo agwira msika wonse. Ufulu wosankha umakhala ndi tanthauzo ngati pa shelefu pali zosankha. Ndinkafuna foni ya kamera yabwino chifukwa ndimajambula zithunzi za ntchito, ndipo pa mafoni onse a kamera yotero amene ndinawapeza m'tauni muno, panalibe ndi imodzi yomwe yokhala ndi kabowo. Makampani atachotsa, anthu anagula mahedifoni a Bluetooth mwaunyinji, kenako makampaniwo n'kuloza chiwerengerocho kuti "mwaona, ndi zimene anthu amafuna." Umu ndi mmene amachitira wogulitsa nsima amene wasiya kuphika nyemba, n'kumanena kuti makasitomala ake onse amakonda nyama.

Ndiyeneranso kuulula: mahedifoni a Bluetooth ndimawakonda. Ndikamathamanga m'mawa palibe chingwe chokola pa mkono. Mu minibasi sindiopa kuti wotsika akoka waya n'kundigwetsera foni. Akanandipatsa zonse ziwiri, masiku ambiri ndikanasankha Bluetooth ndekha. Apa ndi pamene pakundiwawa, chifukwa foni yokhala ndi kabowo imathanso kulumikiza Bluetooth. Zinthu ziwirizi sizinkalimbana. Ngati chatsopanocho chinali chabwino chotero, chikanapambana chokha, chakalecho chili pomwepo. Anachotseranji mpikisano?

Bambo anga ku Ntcheu samadziwa kuti Phil Schiller ndani, ndipo sindikuona chifukwa chowauzira. Foni yawo ndi wailesi yawo. Madzulo amakhala pakhonde, amalowetsa mahedifoni, n'kutsegula Zodiak kapena MBC kumvera nkhani, mauthenga a maliro ndi mpira. Ambiri sitidziwa kuti pa mafoni ochuluka waya wa mahedifoni ndiwo eriyo ya FM. Ukauzula wailesi imakana kutsegula. Wailesi imeneyo sidya bandulo, sifuna netiweki, ndipo magetsi akazima masiku awiri imapitirirabe bola batire la foni lilipo. Foni yanga yapamwamba ija ilibe FM. Kuti ndimve wailesi yomweyo ndiyenera kugula bandulo, ndiye kuti kulipira mwezi ndi mwezi chinthu chimene bambo anga amachitola mumlengalenga mwaulere. Amene anakhala pansi ku California kuyeza mamilimita a m'kati mwa foni ankaganizira munthu wokhala ndi magetsi usana ndi usiku ndiponso Wi-Fi m'nyumba. Sindikuwaimba mlandu wodana ndi bambo anga. Sanawaone n'komwe, ndipo sindikudziwa ngati zimenezo zikuchepetsa mlanduwo kapena kuukulitsa.

Amene anawaona ndi a Transsion a ku Shenzhen, opanga Tecno, itel ndi Infinix, amene mafoni awo ambiri akadali ndi kabowo ndi FM. Sikuti ndi oyera mtima kuposa anzawo; ndi amalonda amene anawerenga bwino msika wa ku Africa. Koma zotsatira zake n'zodabwitsa. Kabowoka sikanafe, kanangotsikira ku mafoni otchipa, ndipo tsopano kasanduka chizindikiro cha thumba la munthu. Ndamvapo mtsikana wina pa ofesi akunena kuti mwamuna wovala mahedifoni a chingwe "sanafike." Nanenso, ndisaname, tsiku limene ndinagula foni yanga ndinasisita m'mphepete mwake mosalalamo ndi chala, n'kumva kukoma kuti ndakwera. Ndinalipira ndalama zambiri kuti ndilandire zochepa, ndipo kuchepako ndi kumene ndinkanyadira. Schiller sanandiphunzitse zimenezo yekha; mtima wofuna kuoneka ndinali nawo kale, iye anangoupeza.

Khirisimasi ikubwerayi ndikufuna kuwagulira bambo foni yatsopano, poti yawoyo batire layamba kutupa. Loweruka lapitali ndinalowa m'sitolo ina mu Blantyre, ndipo ndinadzipeza ndikuchita zimene DJ uja anachita: kunyamula foni iliyonse, osayang'ana n'komwe kamera, n'kuitembenuza pansi ndi pamwamba. Mtsikana wogulitsa anandiyang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anayang'ana foni yanga imene ndinaiika pa kauntala.

"Mukufuna zokhala ndi bowo, achimwene? Zili shelefu ya pansiyo. Koma inuyo si saizi yanu."

Ndinamuuza kuti ndi ya bambo anga. Anagwedeza mutu ngati wamasuka, n'kugwada kukatsegula kabati ya pansi.