Kodi Kukonza Chithunzi cha Kumwamba N'kunama?

M'chaka cha 1883 Andrew Common, Mngelezi amene ankatsata za nyenyezi mongokonda chabe, adajambula nebula ya Orion ali pakhomo pake ku Ealing mumzinda wa London. Nebula ndi chimtambo cha mpweya ndi fumbi chimene chili pakati pa nyenyezi. Chithunzi chakecho chidaonetsa nyenyezi zimene diso silinkatha kuona ngakhale pa telesikopu yomweyo.

Masiku ano anthu okonda ntchitoyi amajambula zithunzi zambirimbiri usiku wonse, n'kuziphatikiza pa kompyuta. Kenaka amachotsa timadontho tobwera ndi kamera, amawalitsa malo ozimirira, ndipo amakometsera mitundu. Munthu akasuzumira Orion pa telesikopu amangoona kamtambo kotuwa, koma pachithunzi pamatuluka kufiira ndi kubiriwira kochititsa kaso. Kodi wojambulayo wanama?

Ena amati wanama, poti waonetsa chimene diso silidaone. Koma ganizo limeneli likuiwala kuti diso nalo lili ndi malire. Mumdima diso silisiyanitsa mitundu, chikhalirecho mpweya wa hydrogen wa mu nebulayi umatulutsadi kuwala kofiira. Kuwalako kwayenda zaka zoposa 1,000 kuti kufike padziko, ndipo kumafika kofooka. Kamera imakusonkhanitsa pang'onopang'ono. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambulayo sadapeke kufiirako, wangodekha mpaka kwaoneka.

Komabe nkhaniyi siithera pamenepo. M'chaka cha 1995 telesikopu ya Hubble idajambula nebula ya Eagle. Akatswiri adapatsa sulphur mtundu wofiira, hydrogen wobiriwira ngati msipu, ndipo oxygen wobiriwira ngati thambo. Mitunduyi si imene diso likadaona, ndipo ojambula ambiri ongokonda amatsata njira yomweyi. Apa chithunzi chikugwira ntchito ya mapu. Wojambula mapu akapaka dziko lina utoto wachikasu sanena kuti dothi la kumeneko n'lachikasu, amangothandiza wowerenga kusiyanitsa maiko. Akatswiri a Hubble sadabise tanthauzo la mitunduyo, choncho sadanamize munthu.

Bodza limayamba pamene wojambula waika chinthu chimene kulibe, kapena wafafaniza nyenyezi yomusokoneza, kenaka n'kukhala chete kuti anthu amutame. Woona chithunzi sangapite kumwamba kukatsimikiza, amangodalira mawu a mwini wake. Wojambulayo ali ngati mboni pabwalo la milandu imene idaona yokha zochitikazo. Mboni ili ndi ufulu wofotokoza momveka bwino, koma ilibe ufulu wowonjezera.

Motero kukonza chithunzi si mlandu pakokha. Wojambula wachilungamo amaulula maola amene adajambula, zimene adachotsa ndi mitundu imene adasankha. Amene akuopa kuulula zimenezi akudziwa kale mumtima mwake kuti wapitirira malire.