Chikomekome cha Mkuyu pa Mfisulo

Makolo athu, amene ankapenya zolengedwa mofatsa, anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo mawuwa amamukhudza kwambiri wodwala nthenda ya shuga pamene akhala pansi kuti afisule. Pakuti mbandakucha chiwindi chimakhala chitathira kale shuga m'magazi, kotero kuti akawonjezapo tiyi wotsekemera, mandasi ndi phala la ufa woyera, umene gaga wake anatsala m'lichero, shugayo amakwera mofulumira, ludzu ndi kulefuka n'kumupeza dzuwa lisanafike pamutu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndi dzira lowiritsa pambali, ngakhale silikopa maso, limagayika pang'onopang'ono. Koma iye amene wadzibaya jakisoni wa insulin asayerekeze kupita kumunda ndi njala, pakuti shuga angatsike kufikira munthuyo atakomoka pakati pa mizere.