Amene anaiona nkhondo saiyitana



Novembala aliyense timaona zithunzi za nkhalamba zovala mamendulo zikuika nkhata za maluwa pa chipilala cha chikumbutso ku Zomba. Ambirife timangopsereza chala pa foni n'kupitirira. Lero tiyeni tiime kaye.

Gulu la asilikali la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo ambiri amene ankalembedwa kuno kwathu anali Ayao, Asilamu anzathu. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 anyamata amenewa, amsinkhu wathu womwewu, anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma, kumene mvula yosakata ndi malungo zinkagwetsa anthu ngati zipolopolo. Ena anaikidwa komweko, makolo awo osaona ngakhale manda. Otsala lero ndi owerengeka. Koma alipo ena ocheperapo zaka, amene ankalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992.

Mmodzi wa iwowa timaswali naye mzikiti umodzi kwathu. Sakonda kukamba za mfuti ayi. Ukawafunsa, amakamba za njala, za mnzawo amene anagawana naye chakudya m'mawa koma madzulo n'kukhala kulibe. Ndipo za ife amadandaula zitatu: timataya nsima yotsala, timadutsa akulu osapereka salaam, komanso timatumizirana mavidiyo a mitembo ngati mpira. Nthawi ya chisankho akamva anyamata akuti "kuno kuyaka moto", amangopukusa mutu. Amati mawu amenewo amatuluka m'kamwa mwa munthu amene sananyamulepo mnzake wakufa.

Ku madrasa tinaphunzira za Abdur-Rahman ibn Awf (RA), Swahaba amene anamenya nawo nkhondo ya Uhud mu 625. Patapita zaka, Asilamu atapeza bwino, anamubweretsera chakudya tsiku lina ali pa swaumu. Pomwepo anakumbukira Mus'ab ibn Umair (RA), amene anaphedwa ku Uhud n'kusowa sanda yokwanira: akaphimba mutu, mapazi ankaonekera, akaphimba mapazi, mutu unkaonekera. Abdur-Rahman anaopa kuti mwina malipiro a ntchito zawo zabwino alandiriratu pa dunia pompano. Analira mpaka chakudyacho anachisiya.

Taonani abale, uyu sikuti ankadana ndi mtendere kapena chuma. Ankadziwa mtengo wake, ndipo ankadziwa mayina a amene analipira. Agogo athu akamatidzudzula, nthawi zambiri ndi ululu womwewo. Ife timamva ngati kulongolola kwa ukalamba, pamene iwo akuona mbale yodzaza n'kukumbuka amene sanafike.

Mtumiki Muhammad (SAW) anavulazidwa nkhope ku Uhud, ndipo ndi yemweyo amene anatiletsa kulakalaka kukumana ndi adani, natilangiza kupempha Allah kuti atipatse mtendere ndi chitetezo. Anatiphunzitsanso kuti wosachitira chifundo ana, wosadziwa ulemu wa akulu, sali m'gulu lathu. Ndiye ife amene nkhondo timangoionera pa TikTok, tikutenga kuti mtima wosonkhezera chidani m'makomenti?

Sindikunena kuti chilichonse chakale chinali chabwino. Nkhondo ya ku Burma inali ya atsamunda, ndipo ambiri atabwerako anangobwerera ku khasu. Koma zimenezo n'zimene zikupangitsa umboni wawo kukhala wolemera.

Pempho langa ndi ili. Ijuma ikubwerayi, tikatha swala tisathamangire panja. Pezani mkulu mmodzi, mupatseni salaam, khalani pansi, foni ikhale m'thumba. Mufunseni zimene anaona. Janaza yake ikadzanyamuka, palibe Google imene idzatiuze nkhani zimenezo.

Allah akhululukire amene anatsogola, awapepukitsire ukalamba amene atsala, ndipo dziko lathu alisunge pa mtendere. Aameen.