Kuvala Nkhope ya Mnzathu

M'chaka cha 2019 anthu a maiko ambiri anaona kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, wofotokoza moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Anamjambulira komweko, ndipo amene anasewera ngati mai ake a William anali Aïssa Maïga, wobadwira ku Dakar ndi kukulira ku France. Ambiri a ife tinadandaula ndi Chichewa chake cholemera lilime. Dandaulo limenelo nlaling'ono, pakuti chinenero chimaphunzirika. Funso lalikulu nlakuti: kodi munthu ali ndi ufulu wotani wovala nkhope ya mnzake ndi kumuikira mau m'kamwa?

M'kanemayo makina oyendera mphepo akutunga madzi, napulumutsa mudzi ku njala. Koma makina oyamba a William anangoyatsa magetsi m'nyumba mwao. Otunga madzi anadza patapita zaka. Kodi limeneli ndi bodza? Ife tikuti ai. Wopanga kanema ali ndi maora awiri okha, ndiponso eni nkhani ali moyo. William analemba buku lake mothandizana ndi Bryan Mealer, ndipo ali ndi pakamwa poti nkutsutsa chimene chapotozedwa.

Akufa alibe pakamwa potero. Tiyerekeze kuti wina afuna kujambula zimene zinachitika kuno ku Chiradzulu, pa Mbombwe, mu 1915. John Chilembwe anasiya makalata ake. Nanga mkazi wake, Ida? Ankaphunzitsa amai kusoka pa Providence Industrial Mission. Mwamuna wake anaphedwa mu February chaka chimenecho, tchalitchi chao chinagumulidwa, ndipo iye anamwalira ndi mliri wa chimfine wa 1918. Mau amene mai wosewera adzalankhule m'malo mwake usiku wa pa 23 January adzakhala opeka. Atha kumlilitsa, atha kumuumitsa mtima. Atha kumvomerezetsa nkhondoyo kapena kumkanitsa. Ndipo ana athu, monga tikuwadziŵa, adzakhulupirira nkhope imene aiona koposa buku lililonse. Lamulo loletsa umboni wonama limatetezanso amene ali m'manda.

Sitikuti kanema wotere asapangidwe, takhala tikumulakalaka. Koma wolemba ayambe wakhala pamphasa ndi akuluakulu a pa Mbombwe, amve zimene makolo ao anawauza. Pamene iwo akhala chete, wosewerayo angathe kungosoka, osanena kanthu.