Bwato la Phula

Padangokhala, ku Ngara, m'mbali mwa nyanja m'boma la Karonga, kunali mkulu wina wosema mabwato. Asanagwetse mtengo wa mbawa ankayamba waugogoda ndi mpini wa nkhwangwa, khutu lili pa khungwa. Ukalira ngati ng'oma ankausiya, poti mkati ndi mofumbwa. Posema ankayeza pansi pa bwato ndi zikhatho ziwiri, china mkati china kunja, ndipo bwato lake limodzi linkatha miyezi. Asodzi ankadandaula, koma ankadikirabe.

Mkuluyo ankaphunzitsa mwana wa mlongo wake, mnyamata wa dzanja labwino koma wamtima wapachala. Mnyamatayo anapeza mbeta ku Kaporo, kwa alimi a mpunga wa kilombero, ndipo kwa Ankhonde mkazi samutenga popanda ng'ombe.

"Amalume, mtengo uwu ndi waukulu. Tigwetse."

"Waumva kulira kwake, mwana wanga?"

"Ndaumva. Koma ng'ombe sizidikira."

Anaugwetsa yekha, nasema masabata awiri okha. Pamene panali mng'alu anamata phula, napaka penti wobiriwira. Kunena zoona, linali bwato lokongola, ndipo wogula anapezeka tsiku lomwelo. Wogulayo analigulitsanso kwa wina, winayonso kwa wina, mpaka linakafika kumpoto.

Mu Julaye mwera unawomba. Usiku wina asodzi a usipa ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo, phula linamatuka, bwato n'kung'ambika pawiri. Ukonde wonse wa chilimira unamira. Mwini bwatolo, bambo wachikulire, anamuvuula anzake atamwa kale madzi ambiri.

Tsiku la malowolo mnyamatayo anafika ku Kaporo ndi amalume ake, ng'ombe zili patsogolo. Pakhonde panali chibenthu cha bwato lobiriwira. Bambo a mtsikanayo, akutsokomolabe, anachiloza.

"Akuti inu a ku Ngara mumadziwa dzanja la mmisiri aliyense. Ili ndi la yani?"

Amalume anakhala chete. Mnyamatayo anagwada.

"Ndi langa, bambo."

"Bwererani nazo ng'ombe zanu. Ndikufuna bwato loti adzukulu anga adzakweremo ine ndili m'tulo."

Mnyamatayo anayenda m'mapiri miyezi itatu akungogogoda mitengo, amalume ake ali pambuyo osayankhula. Kusema kunatenga chilimwe chonse. Ukwati unachitika chaka chotsatira atakolola mpunga, ndipo bwato lachiwirilo silinapakidwe penti.