Mlendo akapempha pasiwedi ya Wi-Fi

Matemba amene mabanja ambiri a mu Blantyre amadyera nsima amachokera kutali. Ena amachokera ku Nyanja ya Chilwa, pa madooko monga Swang'oma m'boma la Phalombe ndi Kachulu ku Zomba. Amabwera m'matumba ndi m'madengu, ndipo pambali pa dengu lililonse pamakhala munthu amene walawira mbandakucha kuti akagulitse ku msika wa Limbe.

Tsiku lina mayi wotere atsika minibasi dzuwa litapendeka. Bandulo yawathera m'njira, m'bale amene analonjeza kudzawachingamira sakuoneka, ndipo malangizo a kumene akagone ali pa WhatsApp. Foni yawo ikuonetsa maina angapo a Wi-Fi a m'masitolo ndi m'maofesi oyandikana nawo, koma onse ndi okhoma. Alowa m'sitolo ina, apereka moni, n'kupempha kuti awalumikize kwa mphindi zochepa. Kodi mwini sitolo ali ndi udindo wowathandiza, kapena akawakaniza palibe chimene walakwa?

Kale funso lotere linkakhudza madzi ndi moto. Wapaulendo akafika pakhomo ankapatsidwa mpando ndi chikho cha madzi asanafunsidwe kumene akupita. Kupala moto kwa mnansi sikunali kopempha kawiri. Makolo ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, kutanthauza kuti chimene wadya sichingasaukitse nyumba. Lero munthu wosochera m'tauni amasowa kaye njira yolankhulira ndi abale ake. Akailephera, amagona pa depoti, kapena amagulitsa nsomba zake motchipa kwa woyamba kumupeza.

Mizinda ikuluikulu inazindikira kale zimenezi, koma inayamba ndi alendo a ndalama. Munthu wofikira ku hotela ku Johannesburg, ku London kapena ku Lilongwe amapatsidwa pasiwedi pamodzi ndi kiyi wa chipinda, asanapemphe n'komwe. Kuno kwathu boma, kudzera mu Digital Malawi Project yothandizidwa ndi World Bank, linayamba kuika Wi-Fi yaulere m'malo ena a anthu onse monga zipatala, masukulu, misika ndi mabwalo a ndege. Ndi chiyambi chabwino, koma Wi-Fi imafika mamita ochepa chabe kuchokera pa kachipangizo kake. Wokhota ngodya ya msewu imamuthawa. M'malo ambiri mlendo amadalirabe mtima wa munthu amene wakumana naye.

Apa pali kukondera kumene anthu sakuona. Mzungu wonyamula chikwama kumsana akafunsa pasiwedi, amamulembera papepala akumwetulira. Mayi wonunkha nsomba akafunsa zomwezo, amayang'anidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Komatu woyamba uja akanatha kugula bandulo ya mwezi wathunthu, pamene winayu mwina watsala ndi ndalama ya minibasi yokha.

Okana ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zopanda pake. Intaneti ya Airtel kapena TNM imagulidwa, siichokera pa mjigo. Wina akapatsidwa pasiwedi amayamba kutsitsa mafilimu, mawa lake abwera ndi anzake atatu n'kukhala pakhonde. Pali akuba amene amabwereka foni ngati akufuna kuimba, kumeneko akufuna kuona mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Mwini bizinesi amene amasunga za ndalama pa kompyuta ali ndi chifukwa chomveka chosalola aliyense kulowa pa netiweki yake. Munthu wosamala katundu wa banja lake sakuchimwa.

Koma zifukwa zimenezi zikuyankha funso la mmene munthu angathandizire, sizikuchotsa udindo wothandiza. Makolo ankapatsa mlendo chikho cha madzi, sankamupatsa chitsime. Chimene mayi wa ku Swang'oma akusowa ndi uthenga umodzi kapena iwiri, ndipo uthenga wolemba pa WhatsApp umadya data yochepa kwambiri poyerekeza ndi kanema. Mwini foni angathe kutsegula hotspot kwa mphindi zisanu, n'kuitseka, n'kusintha pasiwedi. Ma router ambiri ali ndi netiweki ya alendo yosiyana ndi ya eni nyumba, moti mlendo safika pa kompyuta ya ofesi. Woopa kupereka foni m'manja mwa munthu wosamudziwa angaimbe yekha nambalayo n'kuika mokweza. Ndipo anthu ambiri a kunyanja ali ndi timafoni ta mabatani, tosafuna Wi-Fi: iwo amasowa mayunitsi ochepa kapena soketi yotchajira batire. Njira zonsezi n'zotsika mtengo kuposa botolo la zoziziritsa kukhosi. Wokana zonse ndiye kuti vuto lake si kuopa kuberedwa.

Pali chinanso chimene anthu a m'tauni amaiwala. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Phalombe, Likangala ndi Domasi. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsalanso pa matope ong'aluka. Madzi akachepa, asodzi amene amakhala m'zimbowera pakati pa bango amasiya maukonde, ena n'kubwera m'tauni kudzafuna ganyu. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anawononga midzi ya ku Phalombe ndi Mulanje, komanso anapha anthu ku Chilobwe mu Blantyre momwemo. Masiku amenewo wa kumudzi ndi wa m'tauni anali pa vuto limodzi: kufunafuna foni yamoto ndi netiweki kuti amve ngati abale awo ali moyo. Amene anathandizidwa nthawi imeneyo akudziwa mtengo wa uthenga umodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mlendo nayenso ali ndi udindo wake. Wopempha mphindi zisanu asatenge ola. Asagawire ena pasiwedi imene wapatsidwa mwachifundo, chifukwa akatero amatsekera khomo mlendo wa mawa. Ndipo womuthandiza amuuze zoona: pa Wi-Fi ya anthu onse si pabwino kutsegulapo za ku banki, ndipo nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money sauza munthu, ngakhale amene akuoneka wachifundo. Kuchenjeza kotere ndi mbali ya kulandira mlendo, monga mmene akale ankamuuzira njira ya mikango asanatsanzike.

Mpingo wa m'tauni umalandira anthu otere sabata iliyonse. Pa benchi lakumbuyo pamakhala gadiyani amene wabwera ndi wodwala kuchokera ku chipatala cha Holy Family ku Phalombe kudzaonana ndi madokotala ku Queen Elizabeth, kapena mnyamata wa kunyanja amene wangoyamba kumene kusaka ntchito. Misa ikatha, ambiri amatulutsa mafoni pabwalo la tchalitchi. Si chinthu chovuta kufunsa munthu wachilendo ngati wakwanitsa kulankhula ndi kwawo. Miphakati ndi mabungwe amene amasonkha ufa ndi sopo wa odwala angaganizirenso za mayunitsi ndi malo otchajira foni. Ofesi ya parishi imene ili ndi Wi-Fi ingakambirane zotsegula netiweki ya alendo pa maola ena.

Mayi uja akadali chiimire pakhomo pa sitolo, dengu lili pansi, foni ili m'manja. Mwini sitolo sakuwadziwa ndipo mwina sadzakumananso nawo, koma n'kutheka kuti ndiwo za usiku womwewo kunyumba kwake zatuluka m'dengu ngati lomwelo. Chimene akupemphedwa ndi mphindi zisanu, kuti mayiwo agone m'nyumba ya m'bale wawo osati pa depoti.