Jumbo Yopyapyala ndi Munda wa Mulungu

Pa Genesis 2:15, Mulungu anapatsa munthu munda kuti aziusamala. Udindo umenewu sunathere mu Edeni. Mu 2015 boma linaletsa majumbo apulasitiki opyapyala osafika ma microns 60, ndipo mu 2019 khothi lalikulu la apilo linavomereza lamulolo. Komabe majumbowa akutsekabe ngalande ndi kudzaza mtsinje wa Mudi. Mvula ikagwa, madzi amayamba kulowa m'nyumba za osauka.

Bungwe la boma loteteza chilengedwe, MEPA, silingaime pa msika uliwonse, koma chikumbumtima chimafika ponseponse. Mkhristu wolandira Ukaristia lero apite kumsika mawa ndi dengu lake. Wogulitsa naye aleke kubisa jumbo pansi pa benchi. Mutu umodzi susenza denga.